Mbale Yopanda Chikuto: Gawo Loyamba

Makina osokera a agogo anga aamuna sayima wamba. Chitsegulireni kaokala kanga kotchajitsa mafoni ndi kubena nyimbo pano pa Midzemba, khonde timagawana: iwo mbali ya kumanja ndi Singer wawo wakuda, ine kumanzere ndi sola, mabatire awiri, laputopu yokalamba ndi sipika imodzi yomwe ndinagula kwa mnyamata wina wochokera ku Joni. Nyimbo iphokosere bwanji, phazi lawo limapondabe, maso ali pa singano. Ndikayika amapiano sacheuka n'komwe. Ndikayika Lucius Banda amagwedeza mutu pang'ono. Ndikayika kwaya amatsatira chapansipansi, ulusi uli kukamwa. Koma tsiku lina kumapeto kwa Okutobala 2024, makinawo anayima pakati pa msoko.

Kunali kotentha monga kumatenthera kuno kumunsi kwa Neno mvula ikamayandikira, koti ngakhale mbuzi zimasiya kudya n'kukaunjikana pansi pa mlambe. Chaka chimenecho chimanga chinapserera m'munda chisanabereke, ndipo anthu ankabwera pa okala kudzatchaja foni basi, kudikira uthenga wa ndalama kuchokera kwa abale a kutauni. Zobena nyimbo zinali zitazilala. N'chifukwa chake mnyamata wina wa kabaza atatsika panjinga yake yamoto, fumbi la ku Zalewa lili mbuu m'nsidze, n'kundipatsa foni kuti ndilumikize ku sipika, ndinakondwa kuti kwapezeka wofuna phokoso.

"Aise, tamva iyi," anatero. "Ndi ya ku Amerika, yangotuluka kumene. Koma mkatimo muli Chichewa."

Ndinamuseka, ndikulumikiza.

Inayamba ndi gitala. Sinali gitala yotakasuka ija ya abale a Kachamba a ku Chileka. Iyi inali yolemera, yosasa mawu, yogunda pachifuwa ngati chigayo cha dizilo chikamadzutsidwa m'mamawa. Mnyamata wa ku Amerika analowa ndi Chingerezi chake chothamanga. Ndiye pamwamba pa chiphokoso chonsecho panatulukira mawu a munthu wamwamuna, okwera, akale, akuyimba m'chilankhulo chathu. Chinali Chinyanja cha ku Lusaka chija chomwe amati "ni" pomwe ife timati "ndi", koma panalibe liwu lomwe linatiphonya. Munthuyo ankachenjeza mlendo wapakamwa za mayendedwe ake pakhomo pa eni.

Ndi pamenepo pomwe ndinazindikira kuti kumanja kwanga kuli zii.

Agogo anali atachotsa phazi pa chopondera. Kabudula wa mwana wasukulu yemwe ankamuika chigamba anali lende, singano itatsala m'nsalu.

"Tabwezera pomwe wayimba mkuluyo."

Ndinabwezera.

"Bwezeranso."

Titamva kachitatu anavula magalasi n'kuwapukuta ndi kansalu kotsala, ngakhale analibe fumbi.

"Ameneyo si wa ku Amerika," anatero. "Ameneyo ndi Paul Ngozi, mwana wa ku Chibolya. Anamwalira amayi ako akusewera masanje."

Wa kabaza uja anaseka poganiza kuti ndi nthabwala za okalamba. Agogo sanamuyang'ane. Anavundikira makina ndi chiguduli dzuwa lili paliwombo, chinthu chomwe sachita pokhapokha pamudzi pagwe maliro, n'kuuyamba ulendo wa kunyumba.

Kwathu aliyense amadziwa kuti agogo anakhalako ku Zambia zaka zinayi ali mnyamata, ndi kuti anabwerako ndi mutu wa makina aja. Kupitirira apo palibe amene amadziwa. Anzawo omwe anapita ku Salisbury kapena ku migodi ya ku Joni sasowa nkhani pa bawo: za sitima, za makomboni, za akapitawo ankhanza. Iwo ayi. Ukawafunsa amangoti, "Za ku Zambia zinatsala ku Zambia," ndipo agogo aakazi, omwe anawalandira chikamwini pamudzi pathu mu 1980, amavomera ndi mutu ngati nkhani yomwe anamvana kalekale.

Usiku umenewo ndinagula bandulo n'kukwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pomwe netiweki imagwira bwino. Nyimbo ija dzina lake ndi "Noid", ya Tyler, the Creator wa ku California, ndipo inatuluka pa 21 Okutobala 2024. Patatha sabata imodzi chimbale chake chonse, Chromakopia, chinatuluka n'kukwera pamwamba pa zimbale zonse ku Amerika. Mawu omwe anayimitsa makina a agogo anawadula mu nyimbo yotchedwa "Nizakupanga Ngozi" ya gulu la Ngozi Family, ya m'chimbale cha 45,000 Volts cha mu 1977. Panali patapita zaka 47. Dzina la chimbalelo linandigwira mtima. Nkula, komwe mtsinje wa Shire umapukusa makina a magetsi, si kutali ndi kwathu, ndipo tonse tinakula tikudziwa kuti nambala zotere zimalembedwa pa zinthu zosati n'kukhudza.

Paliponse pomwe ndinawerenga za Paul Ngozi pankabweranso dzina la gulu lina, Black Sabbath, anyamata anayi a ku Birmingham omwe anthu ambiri amawatcha makolo a nyimbo za heavy metal. Ndinapeza kuti liwu loti "noid" ndi chidule cha "paranoid", mantha aja omwe amamugwira munthu mpaka kumaona ngati aliyense akumulonda, ndipo kuti "Paranoid" ndi dzinanso la nyimbo yodziwika kwambiri ya Black Sabbath, ya mu 1970. Nyimboyo sanaikonzekere. Chimbale chawo chinaperewera mphindi zitatu, ndiye anaipekera mu studio momwemo kuti adzazire mpata. Yodzazira mpatayo inakafika pa nambala 4 ku Britain, chimbale chonse pa nambala 1, ndipo mpaka lero mwana aliyense wophunzira gitala yamagetsi amadutsapo.

Koma yomwe inanditha tulo ndi nkhani ya woyimba gitala wawo, Tony Iommi. Ali ndi zaka 17, tsiku lake lomaliza kugwira ntchito m'fakitale ya malata, makina anamudula nsonga za zala ziwiri za dzanja lomwe amakanikizira mawaya. Wina akanaiyika gitala pansi. Iye anasungunula botolo la pulasitiki la sopo wotsukira mbale, n'kuumba tizisoti ta zala, n'kutikuta ndi chikopa. Mawaya olimba ankamupweteka, choncho anayika ofewa a banjo, ndipo pambuyo pake anawamasulako kuti asakungike kwambiri. Kulira kolemera komwe kunatigunda pachifuwa pakhonde paja kunayambira pa chilema cha mwana wa m'fakitale. Sizinalandiridwe ndi manja awiri ayi. Olemba za nyimbo m'manyuzipepala ankawanyoza kuti ndi phokoso lopanda luso, ndipo a mipingo ena ankati ndi atumiki a Satana, chonsecho wolemba mawu a "Paranoid", Geezer Butler, anakulira m'banja la Chikatolika ndipo ankalemba za munthu wovutika maganizo.

Sindinadziwe kuti zomwezo zikudza kwa ine. Pomatha masiku awiri anyamata a pa Midzemba anali atayamba kubwera ndi mamemole awo kufuna "ya Chichewa ya ku Amerika ija", ndipo ine ndinkawawonjezera ya Ngozi Family yeniyeniyo, yopanda Chingerezi cha Tyler. Kumjigo nkhani inamveka mwina. Amayi anga anabwera ndi ndowa pamutu nkhope ili gwaa, ati anthu akuti pa okala panga pakulira nyimbo zasatana, ndipo n'zomwe zawadwalitsa agogo. Madzulo ake mkulu wa mpingo anapatuka pakhonde, mwaulemu ndithu, kudzandifunsa ngati ndikudziwa mizimu yomwe ndikuitana.

Ndinawakhazika pa benchi n'kuwayikira nyimboyo chapansi kuti amve mawu okha. Anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili pabondo.

"Mawuwo alibe vuto," anatero. "Ndi omwe timalangiza anamwali. Koma gitalayo, mwana wanga, gitalayo ikulira ngati munthu wogwidwa ndi ziwanda."

Sindinawatsutse, chifukwa ndi akulu. Koma mumtima ndinati, ndipo ndikuterobe lero, gitalayo ikulira ngati munthu wokwiya, ndipo munthu wokwiya si wogwidwa ndi ziwanda. Ife tinazolowera kuti nyimbo yodandaula iziyenda mofatsa, ngati wopempha mchere. Wina akadandaula mokweza timayamba kumufunira dzina.

Agogo sanabwere kukhonde masiku atatu. Tsiku lachitatu usiku, agogo aakazi atapita kukagona kusiwa kumudzi woyandikana nawo, anandiyitanitsa. Ndinawapeza m'chipinda atakhala pamphasa, tochi atayiimika m'kapu, patsogolo pawo pali sutikesi yachitsulo yomwe moyo wanga wonse ndinkaiona pansi pa bedi ili yokhoma.

"Khala apa, mnzanga. Wawerenga zotani pa foni yakoyo?"

Ndinawauza za Birmingham ndi za zala za Iommi. Pa mawaya a banjo anaseka koyamba chiyambire tsiku lija.

"Ndiye ngati ife tomwe. Chitini cha mafuta, mawaya a mabuleki a njinga, basi gitala yatheka. Mmphawi ndi mmodzi dziko lonse."

Kenaka anayamba, osandiyang'ana.

"Ine za Zambia sindinkazifuna. Ndinkafuna Joni ngati anzanga onse, ndipo dzina ndinali nditalembetsa kale kwa a Wenela. Ndiye mu Epulo 1974 ndege ija inagwa ku Francistown, n'kupha anyamata athu oposa 70 akuchokera ku migodi. Kamuzu anatseka njira. Ndinatsala ndi chikwama m'manja, kumudzi nditatsazika kale. Manyazi anandikankhira ku Mchinji, n'kuwoloka."

Ku Lusaka anafikira pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Kamwala, komwe telala wina wa ku Mangochi anawaphunzitsa kudula ndi kusoka. Ntchito yomwe inkabweretsa ndalama inali mathalauza otambalala kumiyendo aja ankati belubotomu. Anyamata ankabwera Lachisanu kufuna kuti pofika Loweruka likhale latheka, mwendo uliwonse wokwanira kubisamo nkhuku.

"Kuno thalauza lotero ukanagona nalo kupolisi. Tsitsi likangotalika, ankakumeta pachipata pomwepo, mlendo kaya mwini dziko. Akazi ndiye thalauza n'losayerekeza, panali lamulo la 1973. Wayilesi inali imodzi, MBC, ndipo nyimbo inkayamba yadutsa m'manja mwa a Censorship Board. Anafika poletsa nyimbo ya azungu yotchedwa 'Cecilia' chifukwa cha dzina lokha. Tsono taganiza mwana wa ku Neno, wochokera m'dziko lotero, alowe mu holo ku Lusaka Loweruka usiku."

Kumeneko Kaunda anali atalamula kuti wayilesi iziyimba nyimbo za m'dziko momwemo, pafupifupi zonse. Anyamata omwe ankangotengera za Jimi Hendrix, Deep Purple ndi Black Sabbath anayenera kupeka zawozawo, ndipo ku Ndola kunali makampani a Teal ndi Zambia Music Parlour okonzeka kuziyika pa mbale. Agogo anawatchula magulu aja ngati akuwerenga ana a mnzawo: WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya, Ngozi Family. Nyimbo zawo ankazitcha Zamrock.

"Koma Paul anali yekha. Dzina lake lenileni ndi Nyirongo, Paul Dobson Nyirongo. La Ngozi linamukhala chifukwa cha zomwe ankachita pa siteji. Anayimbako ku Nairobi ndi a Musi-O-Tunya, n'kubwerera kwawo kudzayambitsa gulu lake, ng'oma akuyimba Chrissy Zebby Tembo. Ine ndi maso angawa ndinamuona akuyimba gitala ndi mano. Ndi mano, mnzanga! Koma si zimenezo zomwe zinkatikokera kumeneko. Ena ankalimbana ndi Chingerezi kuti amveke ngati a ku London. Paul Chingerezi ankayimba, koma akatembenukira ku Chinyanja ankanena za m'komboni momwe tinkagona: umphawi, miseche, makhalidwe a anthu. Gitala ya azungu, nkhani zathu. Ine ndinkamva ngati munthu wandilankhulira zomwe kwathu ndikanamangidwa nazo."

Ndinawauza kuti ku Lusaka, ku Kabwata, kuli msewu wotchedwa dzina lake, ndi kuti kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inasindikizanso zimbale zake, Day of Judgement ya mu 1976 pamodzi ndi 45,000 Volts, moti tsopano zikumveka m'mayiko omwe iye sanapondeko. Anagwedeza mutu mokhutira. Ndinawauzanso kuti mwa onse oyamba a gulu la WITCH anatsala ndi Jagari Chanda yekha, ndipo akuyimbabe. Apo anakhala chete kanthawi. Anati ankamva mphekesera m'zaka za m'ma 1980 kuti anyamata aja akutha mmodzimmodzi ndi matenda aja anatha anthu kuno komwe, kuti disco ndi kalindula zalanda maholo, ndipo za imfa ya Paul mu 1989 anazimvera pa wayilesi ya Zambia usiku, atatsitsa mawu kuti anansi asamve.

"Nanga mnyamata wa ku Amerikayo ndi mwana wa yani?" anafunsa.

Ndinati bambo ake ndi a ku Nigeria, koma anakula ndi mayi ake okha, bambowo osawadziwa, ndipo m'chimbale chomwecho muli nyimbo ina yomwe akudandaula za bambo amene sanawaone.

Agogo anatenga tochi n'kuitembenuzira kukhoma. Nkhope yawo sindinaionenso bwino.

"Zinthu zinayamba kuipa mtengo wa kopa utagwa mu 1975," anapitiriza, mawu atatsika. "Ufa pamzere, sopo pamzere, mafuta ophikira pamzere. Ndiye nkhondo ya ku Rhodesia inatipeza. Pa 19 Okutobala 1978 ndege za Smith zinaponya mabomba pa kampu ya anthu a Nkomo ku Chikumbi, kunja kwa Lusaka pang'ono. Ife tinamva kugunda tili pa makina. Kuchokera tsiku limenelo usiku kunalibe kuyenda, magetsi ankathimitsidwa, ndipo aliyense ankafunsa kuti wawalozera ndani. Tsono ine ndinali Mmalawi, ndipo dziko lonse linkadziwa kuti Kamuzu amadyera mbale imodzi ndi Mabunu a ku South Africa. Munthu wina pa komboni, yemwe ndinakangana naye pa nkhani ina, anayamba kunong'oneza anthu kuti telala uja ndi kazitape. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo uupeza. Ine mlomo ndinausiya, ndipo unandipeza. Usiku wina mnzanga anagogoda pawindo, ati nyamuka tsopano lino, m'mawa sakupeza wamoyo."

Anametetsa tsitsi ku Chipata, belubotomu n'kusinthanitsa ndi thalauza wamba pamsika. Anawoloka pa Mchinji ali ndi mutu wa makina m'chiguduli ndi sutikesi yomweyi.

"Ndinkati ndathawa maso, osadziwa kuti ndabwera kwa eni ake maso. Munthu wochokera ku Lusaka ankamuyesa mnzawo wa zigawenga, chifukwa ambiri othawa Kamuzu ankakhala kumeneko. Kalata ya sitampa ya Zambia inkafika itatsegulidwa. Wa Youth League akakufunsa khadi la chipani ankakufunsanso kuti kunja unkadya ndi yani. Ndinati ndidikire chaka chimodzi zinthu zizizire. Chaka chinabala chinzake. Ndiye mu Meyi 1983, kuno kukadali boma la Mwanza, anapeza Gadama, Matenje, Sangala ndi Chiwanga atafa ku Thambani. Wayilesi inati ndi ngozi ya galimoto. Tonse tinkadziwa kuti ngoziyo inachita kupangidwa, koma zinatenga kafukufuku wa mu 1994 kuti boma livomere kuti anaphedwa. Nduna zitatu ndi phungu, mnzanga. Nanga telala? Ndipo ine pansi pa bedi ndili ndi mbale ya ku Zambia yolembedwa mawu amenewo. Ndinagula loko."

Kiyi anali pa chingwe cha m'khosi mwawo, chomwe ine ndinkachiyesa cha mankhwala. Lokoyo inavuta, koma inatseguka. Pamwamba panali tizidutswa ta nsalu takale, pansi pake katoni yodulidwa molingana ndi sutikesi, ndipo pansi pa katoniyo panali chinthu chozungulira chokulungidwa m'chitenje chofwifwa. Anachimasula pang'onopang'ono ngati akusambitsa khanda.

Inali mbale yakuda ya galamafoni, yaikulu ngati lichero laling'ono, yonyezimira ngati yagulidwa dzulo. Pa kapepala ka pakati ndinawerenga dzina la gulu ndi la chimbale. M'mphepete mwa kapepalako munthu wina analembapo ndi bolopeni mayina awiri. Loyamba linali dzina la agogo la paubwana, lomwe ndinalimvapo kamodzi kokha, pamaliro a mlongo wawo. Lachiwiri linali la munthu wamkazi, ndipo silinali la agogo aakazi.

"Nanga chikuto chake?" ndinafunsa.

"Ndinasiya."

"Chifukwa?"

"Chikuto chimaoneka. Pachipata akanandigwira nacho."

Yankho limeneli silinandikhutitse. Katoni yomwe inabisa mbale ikanabisanso chikuto. Koma munthu wamkulu akatseka pakamwa sumutsegula ndi chala. Anaikulunganso, n'kunena kuti chifikireni mbaleyo sinalirepo m'Malawi muno ngakhale kamodzi, ndi kuti zomwe ndaona zithere m'chipinda momwemo.

Apa ndiyenera kuulula cholakwa changa, chifukwa zonse zotsatira zinachokera pamenepa. Agogo atatuluka kupita kuseri, ndinamasula chitenje chija n'kujambula mbaleyo ndi foni, mbali zonse ziwiri. Ndinali nditawerenga kuti mbale zoyambirira za Zamrock n'zosowa ndipo osonkhanitsa zinthu zakale ku Ulaya ndi ku Amerika amazigula ndalama zambiri. M'nkhokwe munalibe kanthu. Amayi anali atayamba kuphika kamodzi patsiku, ndipo mvula inali pafupi, feteleza tilibe. Ndinadziuza kuti ndikungofunsa mtengo. M'mawa mwake ndinayika chithunzicho pa Facebook, pa gulu lina la okonda Zamrock, n'kulembapo nambala yanga ya foni. Mayina aja a bolopeni sindinawaphimbe. Sindinaganizeko n'komwe.

Mauthenga anayamba kugwa tsiku lomwelo. Wina wa ku Germany anafunsa ngati ili ndi mikwingwirima. Wina wa ku Japan anapempha kuti ndiijambule padzuwa. Onse ankathera pa funso limodzi, loti chikuto chili kuti, chifukwa popanda chikuto mtengo umatsika kwambiri. Ngakhale wotsikawo, nditausintha m'makwacha pa kakyuleta, unali wokwanira chimanga chotifikitsa pokolola ndi matumba a feteleza pamwamba. Ndinkagona ndikusinkhasinkha momwe ndingayambire nkhaniyo kwa agogo, omwe anali atabwerera pa makina awo ndipo tsopano, ndikayika Ngozi Family chapansipansi, phazi lawo linkatsata ng'oma za Chrissy Zebby Tembo.

Pakati pa mauthengawo panali umodzi waufupi, wa nambala yoyamba ndi +260. Sunafunse za mtengo. Unangofunsa kuti Midzemba ili kuti, ndiponso ngati mwini mbaleyo ali moyo. Ndinayankha kuti ili ku Neno, munthu amatsikira pa Zalewa, ndipo mwini wake ali moyo ndithu, ndi agogo anga. Sanayankhenso. Ndinaiwalako.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Panapita masiku asanu ndi anayi. Linali Loweruka madzulo, mitambo itaunjikana chakumadzulo, mphepo ya mvula yoyamba ikuulutsa mapepala pamsewu. Ndinali kulongedza mabatire, agogo akupinda nsalu za makasitomala, ndipo agogo aakazi anali atabwera ndi kambale ka mtedza wokazinga, atakhala pa benchi kudikira kuti tipitire limodzi. Foni yanga inalira. Inali ikadali yolumikizidwa ku sipika, ndipo ndinayankha ndisanachotse waya.

"Halo?"

Mawu a mzimayi, osati mtsikana ayi, munthu wamkulu ndithu, anadzaza khonde lonse.

"Ndimwe bamene munaika chithunzi cha record ija?"

Ndinavomera, dzanja likufufuza waya. Agogo aamuna anandigwira pamkono. Sindinadziwe kuti m'zala zawo mukadali mphamvu zotero.

"Cover yake ili na ine," anatero mzimayiyo. "Bamayi banaisunga zaka zonse izi. Kumbuyo kwake kuli malemba, bakuti nizabwela mwana akabadwa. Mwana uja ndine. Ninabadwa mu January 1979."

Kambale ka mtedza kanagwa pa simenti. Agogo aakazi sanawerame kuti atole. Ankayang'ana amuna awo, ndipo amuna awo ankayang'ana sipika.

"Mukunimvela?" anafunsa mzimayi uja. Kumbuyo kwake kunkamveka mahutala a minibasi ndi anyamata oyitanira. "Tafika pa Zalewa. Sinili neka. Bamayi bali pano, na munthu wina wamene bakuti afunika kupepesa kuli batate asanafe. Tiuzeni njila."

Agogo aakazi anayimirira, n'kumanga chitenje chawo mwamphamvu m'chiuno, n'kutambasula dzanja kwa ine.

"Bweretsa foniyo kuno," anatero.

Nkhaniyi ipitirira m'gawo lachiwiri.